Mmene ndinapulumutsira chimanga changa ku mbozi

Munda wanga uli kufupi ndi Luchenza, ndipo chaka chatha chimanga chitafika m'mawondo ndinaona masamba abookabooka, m'nsonga mwake muli zitosi zonga utuchi. Nditasenda ndinapeza mbozi yokhala ndi chizindikiro cha Y chozondoka pamutu ndi madontho anayi akuda kumchira. Iyi ndi fall armyworm, osati ntchemberezandonda zija tinazolowera. Kwawo ndi ku America. Inaoneka koyamba kumadzulo kwa Africa mu 2016, ndipo pofika Disembala 2017 boma lathu linali litalengeza za ngozi m'maboma 20. Gulugufe wake amauluka usiku mtunda wautali, nchifukwa chake inafalikira msanga chonchi.

Mankhwala ndinapopera kamodzi masana, osaphula kanthu, popeza dzuwa likatentha mboziyo imabisala mkati mwa nsonga. Ndalama yanga inangopita.

Chimene chinandithandiza ndi kulawirira. M'mawa uliwonse ndinkayenda mzere ndi mzere, kutembenuza masamba ndi kuphwanya mazira ndi zala. Mu nsonga iliyonse yodyedwa ndinkathira dothi louma losakaniza ndi phulusa pang'ono. Amayi anandiuza kuti ndiwiritse bonya ndi kuwaza msuziwo pa chimanga. Sindinachedwe, ndipo tsiku lotsatira nyerere zinali piringupiringu, zikukoka mbozi zing'onozing'ono. Chinandikondweretsa n'chakuti tizilombo ta kwathu konkuno tikulimbana ndi mlendoyu, pomwe mankhwala aja akanapha nyerere zomwezo.

Patatha masabata atatu, masamba atsopano anatuluka osabooka. Chaka chino ndadzala ndi mvula yoyamba, ndipo pakati pa mizere ndaikamo nandolo.