Poyambira Kufufuza Njinga Yamoto Ikakana Kulira

Oyendetsa njinga zamoto ku Ulongwe ndi ku Tsangano amafunsa kawirikawiri kuti munthu ayambire pati njinga ikakana kulira, ndipo yankho ndi lakuti muyambire pa zimene sizifuna sipanala. Onetsetsani kuti switchi yofiira ya pachiwongolero sinazimitsidwe, giya ili pa nyutilo, ndiponso kampopi ka petulo kali pa ON kapena RES (mafuta otsala osungira). Kenako lizani hutala. Ikamveka mofooka ndiye kuti batire yatha mphamvu. Batire ya mavoti 12 yodzaza bwino imaonetsa pafupifupi 12.6 pa mita yoyezera magetsi. Pamenepo onani fyuzi, muyesenso kuliza ndi kiki.

Mafuta ndiwo amafuna kudekha kwambiri. Petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu nthawi zina amakhala ndi madzi kapena zinyalala, choncho masulani kasikuluwu ka pansi pa kabuleta, mukhetsere mafutawo m'botolo loonekera mkati. Ngati muli madzi, mudzawaona atakhazikika pansi. Pakapanda kutuluka kanthu, paipi kapena sefa yatsekeka. M'mawa wozizira wa mu June ndi July ku Angónia ku Mozambique, yambani mwakoka choki musanaganize kuti injini yawonongeka.

Zikakanikabe, masulani pulagi, muibwezere m'chipewa chake, muigunditse pa chitsulo cha injini kutali ndi petulo, osaigwira ndi dzanja, n'kuponda kiki. Moto wabuluu wothetheka kunsonga kwa pulagi ndiwo wabwino, ndipo pulagi yakuda kapena yonyowa iyenera kupukutidwa kapena kusinthidwa. Moto ukapanda kuoneka ngakhale ndi pulagi yatsopano, kapena kiki ikamatsika mopepuka, pitani kwa makaniko akaone koyilo, CDI (kabokosi koyendetsa moto wa pulagi) ndi mavavu.