Chepetsani mpweya wanu kaye, makirediti a kaboni abwere pambuyo

Yambani ndi kuwerengera mpweya wa kaboni umene mumatulutsa. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.3 a mpweya wa kaboni, pamene ya dizilo imatulutsa 2.7. Ngati mumathira malita 100 a petulo pamwezi, ndiye kuti pachaka mwatulutsa matani 2.76. Pa magetsi onani gwero lake: opangidwa ndi malasha amatulutsa pafupifupi kilogalamu imodzi pa yunitsi iliyonse, koma a madzi, dzuwa ndi mphepo amatulutsa pang'ono kwambiri.

Mukadziwa pamene pakutuluka mpweya wochuluka, limbanani ndi pamenepo. Kwa ambiri ndi galimoto, ndege ndi nyama ya ng'ombe. Phatikizani maulendo, kwerani angapo m'galimoto imodzi, ndipo matayala akhale ndi mpweya wokwanira chifukwa ophwa amadyetsa mafuta. Kilogalamu ya mafuta a ndege imatulutsa makilogalamu 3.16 a mpweya wa kaboni, choncho ulendo umodzi wautali ungafafanize zimene munapulumutsa miyezi yambiri. Ng'ombe imageya methane, mpweya wotenthetsa dziko kuwirikiza ka 28 kuposa kaboni pa zaka 100. Mababu a LED amachepetsa magetsi ounikira ndi magawo atatu mwa anayi poyerekeza ndi akale aja a kawaya.

Zotsala zimene mwalephera kuchotsa ndi zimene mungagulire makirediti. Kirediti imodzi imaimira tani imodzi ya mpweya umene wapewedwa kapena kuchotsedwa kwina, monga pobzala mitengo kapena kugwira methane pa malo otayira zinyalala. Apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama, ndiye funsani bwino.

Choyamba, kodi ntchitoyo ikanachitikabe popanda ndalama yanu? Ngati nkhalango sinali pa chiopsezo chodulidwa, kulipira kuti itetezedwe sikuchepetsa kalikonse. Mu Januwale 2023 nyuzipepala za The Guardian ndi Die Zeit zinalemba kuti makirediti oposa 90 pa 100 a nkhalango zamvula ovomerezedwa ndi Verra, bungwe lotsimikizira makirediti, mwina sanachepetse mpweya. Bungwelo linatsutsa zimenezi, komabe funsolo lidakali lofunika.

Chachiwiri, kodi kaboniyo akhalitsa? Mtengo ukapsa umabweza mpweya wonse kumwamba. Mu 2021 moto wolusa wotchedwa Bootleg ku Oregon, m'dziko la America, unatentha nkhalango imene inali itagulitsa kale makirediti. Nchifukwa chake ntchito zabwino zimasunga makirediti ena osagulitsa, olipirira zoonongeka zotere. Onaninso ngati odula mitengo sanangosamukira ku nkhalango yoyandikana nayo.

Gulani zolembedwa m'kaundula woonekera kwa aliyense, monga wa Gold Standard kapena Verra. Wogulitsa akupatseni nambala ya kirediti yanu, dzina la ntchitoyo ndi chaka chimene mpweyawo unachepetsedwa, ndipo mutsimikize m'kaundulamo kuti kireditiyo yatsekedwa m'dzina lanu. Yosatsekedwa ingathe kugulitsidwanso kwa munthu wina.