Momwe mungaphunzitsire galu wothandiza munthu wolumala kumvera ndi kukhala pamalo oyenera

Munthu woyenda pa njinga ya olumala akafika pakhomo lopapatiza, galu wake amayenera kubwerera kumbuyo kwa njingayo, ndipo akangodutsa n'kubwereranso pambali popanda chingwe kukodwa m'gudumu. Kwa wongoonerera ndi kanthu kakang'ono, koma galu amatenga miyezi kuti akazolowere, ndipo akalakwitsa amene amavulala ndi mwini wake. Ntchitoyi inayamba kalekale. Sukulu yophunzitsa agalu kutsogolera osaona inatsegulidwa ku Oldenburg m'dziko la Germany mu 1916 pofuna kuthandiza asilikali amene anachita khungu pankhondo, ndipo mu 1975 bungwe la Canine Companions linayamba ku California kuphunzitsa agalu othandiza anthu ovutika kuyenda. Bungwe la IAADP, lomwe ndi la eni agalu otere, limanena kuti galu aphunzitsidwe kwa maola osachepera 120 pa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, ndipo maola 30 mwa amenewa akhale a pamalo opezeka anthu ambiri.

Musanaphunzitse galu chilichonse, yambani mwamudziwa munthuyo. Mufunseni dzanja lomwe lili ndi mphamvu, mbali yomwe amagwirira ndodo, ngati mawu ake amamveka bwino, komanso ngati amatha kuwerama. Mwachizolowezi agalu amayenda kumanzere kwa munthu, koma ngati dzanja lamanzere linafooka chifukwa cha sitiroko, kapena ngati ndodo imakhala mbali imeneyo, chizolowezicho sichiyenera kutsatidwa. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene aphunzitsi ambiri amaphonya, chifukwa amaphunzitsa galu molingana ndi thupi lawo lamphamvu, n'kudzamupereka kwa munthu amene sangathe kupereka zizindikiro zimenezo.

Mukatero, sankhani liwu limodzi lalifupi, monga "Inde", louza galu kuti wachita bwino. Linenedwe nthawi yomweyo imene wachita chofunikacho, ndipo kachidutswa ka chakudya katsatire msanga. Mukachedwa ndi masekondi awiri okha, galu amakhala atayamba kale kuchita china ndipo amaganiza kuti mphoto ndi ya chimenecho. Pa mazikowa mumangepo malamulo oyambirira, omwe ndi "Khala", "Gona", "Dikira", "Bwera" ndi "Siya", kuwonjezapo liwu lomumasula kuti adziwe pamene ntchito yatha. Phunziro lisapitirire mphindi zisanu kapena khumi, koma muzibwereza kangapo patsiku. Poyamba mutha kumukopa ndi chakudya chili m'dzanja, koma akangomvetsa muzimutsogolera ndi dzanja lopanda kanthu, apo ayi adzazolowera kumvera pokhapokha akaona chakudya.

Tsopano mwafika pa kukhala pamalo oyenera, ndipo apa musafulumire. Galu amadziwa bwino komwe kuli miyendo yake yakutsogolo, koma yakumbuyo imangotsatira, n'chifukwa chake amakonda kuima chopingasa, mutu uli pafupi ndi inu pamene chiuno chatseka njira. Tengani beseni lolimba, livundikireni pansi posaterera, ndipo mulimbikitseni kuti apondepo ndi miyendo iwiri yakutsogolo. Imani moyang'anizana naye n'kusuntha phazi limodzi chakumanja. Pofuna kupitiriza kukuyang'anani, galu adzasuntha mwendo wakumbuyo pang'ono chabe, ndipo pomwepo nenani "Inde". Pakapita masiku adzayamba kuzungulira beseni lonse miyendo yakutsogolo ili pamalo amodzi, kenako adzazungulira mpaka phewa lake litafika pamwendo wanu. Pamenepo m'pamene muyambe kunena kuti "Pambali". Mphoto iperekedwe pamalo enieni pamene mukufuna kuti mutu wake uzikhala, pafupi ndi msoko wa thalauza, chifukwa galu amakokera kumene chakudya chimatulukira. Mukachotsa beseni, yesererani m'mphepete mwa khoma kuti thupi lake lizikhala loongoka.

Mbali zonse ziwiri ziphunzitsidwe, iliyonse ndi liwu lake, pamodzi ndi "Kutsogolo", "Kumbuyo" ndi kuyenda chafutambuyo. Kulowa pansi pa tebulo kapena mpando n'kosavuta: khalani pampando, mudutsitse galuyo kunsi kwa miyendo yanu, mumugoneke, ndipo muonetsetse kuti mchira nawo walowa, popeza mchira wotsalira panja ndi umene anthu amauponda.

Njinga ya olumala imafuna chisamaliro chapadera. Choyamba galu ainunkhize ili chiimire, mabuleki atamangidwa, ndipo adye chakudya chake pafupi nayo. Kenako muisunthe pang'ono kwambiri iye ali chapatali ndithu, kuti aone mmene magudumu amayendera asanayandikire. Galu amene wapondedwapo phazi ndi gudumu amaiopa njinga kwa nthawi yaitali, choncho ndi bwino kumupatsa mphoto dzanja litatambasulidwa kuti azolowere kusiya mpata pakati pa iye ndi gudumu. Pokhotera mbali imene kuli galu, iye ayenera kubweza chiuno chake m'mbuyo, ndipo zimene anaphunzira pabeseni zija zimagwira ntchito apa. Mphunzitsi akhale yekha panjingapo poyeserera, chifukwa lamulo limene galu analizolowera kwa munthu woimirira amatha kulikayikira likachokera kwa munthu wokhala pansi.

Pali chenjezo limene sindingalisiye. Galu asagwiritsidwe ntchito yotsamirapo kapena kukoka njinga mafupa ake asanakhwime, zomwe kwa agalu aakulu monga Labrador zimachitika akamayandikira zaka ziwiri, ndiponso dokotala wa ziweto asanamujambule chiuno ndi zigongono. Kumufulumizitsa kungathe kumusiyira ululu wa moyo wonse.

Zonsezi zikakhazikika m'nyumba, onjezerani zovuta chimodzichimodzi. Lero talikitsani nthawi yodikira, tsiku lina onjezerani mtunda, ndipo zosokoneza monga ana othamanga, agalu ena kapena chakudya chogwera pansi zibwere pomaliza. Akalephera kawiri motsatizana, bwererani pamene ankakhoza m'malo momukalipira kapena kumukoka chingwe. Yang'aniraninso thupi lake: kuyasamula pafupipafupi, kunyambita milomo ndi kukana chakudya ndi zizindikiro zoti wapanikizika ndipo akufunika kupuma.

Mwini galu asadikire mapeto kuti alowe m'maphunziro. Kuyambira masabata oyambirira, iyeyo azipereka malamulo ndi mphoto, ngakhale zitafunika kumangirira kathumba ka chakudya pambali pa njinga pamene dzanja lake limafikira mosavuta. Mphunzitsi aziima chapatali pang'onopang'ono, ndipo tsiku loyesa galuyo pamalo a anthu ambiri ayende kumbuyo kwawo osalankhula kanthu.