Akakuchotsani Ntchito Mwadzidzidzi Mutagwira Zaka Zambiri

Choyamba, musasayine pepala lililonse tsiku lomwe akupatsani kalata. Tsiku limenelo mutu sugwira. Ine nditalandira yanga, manja ankachita kunjenjemera ndikutulutsa kapu yanga ya tiyi mu dirowa.

Tengani mapepalawo kunyumba, muwerengetsere nokha. Lamulo la ntchito kuno ku Malawi limati kampani ikachepetsa anthu, mulandire malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse cha zaka 5 zoyambirira, masabata 3 kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata 4 pa zaka zoposera pamenepo. Onjezanipo ndalama za notisi ndi masiku a tchuthi omwe simunapite. Zikapanda kugwirizana, pitani ku ofesi ya leba ya m'boma lanu musanachedwe. Zikakanika kumeneko, kuli Industrial Relations Court, khoti loona milandu ya zantchito. Funsaninso za penshoni yanu.

Akunyumba auzeni madzulo omwewo. Kumadzuka m'mawa n'kumanamizira kupita kuntchito kumangodwalitsa.

Ndalama zikabwera, achibale ndi amabizinesi okoma pakamwa amatulukira. Patulani kaye za lendi, fizi ndi chimanga cha miyezi ingapo, ndipo katapila musamuyandikire.