Kasamalidwe ka pansi pa simenti m'nyumba

Mchenga wobwera ndi mapazi ndiwo umawononga kwambiri pansi pa simenti, chifukwa umakanda polishi. Choncho sesani kaye musanakolope, makamaka pakhomo ndi m'makona.

Pokolopa, supuni imodzi ya sopo waufa ndi yokwanira mu ndowa ya malita 10. Mukachulukitsa, pansi pamauma ndi mizere yotuwa ndipo pamamata fumbi. Finyani chikolopa bwinobwino, madzi akada sinthani. Musasakanize Jik ndi vinega kapena mankhwala otsukira m'chimbudzi, pamatuluka mpweya wowononga mapapo.

Polishi, kaya Cobra kapena Sunbeam, amafuna pouma kwenikweni. Pakani wochepa ndi kansalu, mozungulirazungulira, kuyambira kukona yakutali kumabwerera chakukhomo. Dikirani mphindi ngati 20 mpaka asiye kumata mukakhudza ndi chala, kenako kwechani ndi burashi n'kumalizira ndi nsalu youma. Mukapaka wambiri sawala. Amaundana m'mphepete mwa khoma, amada, komanso amaterera, zomwe n'zoopsa m'nyumba muli agogo kapena ana ongoyamba kuyenda. Kamodzi pa sabata n'kokwanira.

Simenti ikayamba kufumbutuka kapena kung'aluka, polishi sangathandize, itanani mmisiri. Agogode pansi ponse: pomveka ngati ng'oma ndiye kuti pamatuka, pofunika kugumula. Mufunseni kasakanizidwe kake. Muyezo wabwino ndi ndowa imodzi ya simenti pa ndowa zitatu za mchenga wosefa. Kaoneni ntchito imene anagwirapo kwina, mugwirizane mtengo asanayambe, ndipo ndalama yotsala mupereke akamaliza. Pokonzedwapo muzithira madzi kwa masiku 7, apo ayi padzang'alukanso.