Malire pa kutsatsa zakudya zosamanga thupi: malangizo kwa makolo ndi makomiti a sukulu ku Dedza

Nkhani ya zakudya za shuga, mchere ndi mafuta ambiri ikabuka pamisonkhano ya makolo kuno ku Dedza, anthu sachedwa kugawanika pawiri. Ena amati boma liletse makampani kutsatsa zakudya zoterezi, makamaka kwa ana, pamene ena amati munthu amene wakhetsa thukuta kulima mbatata ya kachewere ku Bembeke, n'kugulitsa matumba ake, palibe woyenera kumuuza chimene adye ndi ndalama zake. Monga mlangizi wa kadyedwe koyenera, maganizo anga sindiwabisa. Malire pa kutsatsa ndi ofunika, chifukwa amachepetsa mphamvu ya wogulitsa yokokera anthu ndipo wogula amamusiyira ufulu wake, koma lamulo lokhazikitsidwa ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe silingafike palokha pabenchi la pageti la sukulu, pamene ana athu amagulira tsiku ndi tsiku. Ntchito ya pamenepo ndi yathu.

Ndi bwino tiyambe tadziwa zimene malamulo otere amanena m'mayiko amene anawakhazikitsa, popeza ambiri amatsutsa asanamve. Ku England, kuyambira mu Okutobala 2022, masitolo akuluakulu saloledwa kuika maswiti, mabisiketi ndi zakumwa za shuga pamalo olipirira, pakhomo lolowera kapena kumapeto kwa mashelefu, kumene munthu amangotola chinthu asanaganize. Mu Okutobala 2025 anawonjezera lamulo loletsa malonda akuti ukagula chimodzi upatsidwe china chaulere pa zakudya zomwezi. Mabizinesi aang'ono, okhala ndi antchito osakwana 50, lamuloli siliwakhudza. Dziko la Chile, kuyambira mu 2016, limalamula kuti chakudya chochuluka shuga, mchere kapena mafuta chikhale ndi chizindikiro chakuda kutsogolo kwa paketi, ndipo chakudya chokhala ndi chizindikirocho sichigulitsidwa m'sukulu kapena kutsatsidwa kwa ana osakwana zaka 14. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amakagwira ntchito, boma linaika msonkho pa zakumwa za shuga mu Epulo 2018, ndipo msonkhowo umayamba kuwerengedwa chakumwa chikapitirira magalamu 4 a shuga pa mamililita 100 alionse. Makampani ena ataona zimenezi anachepetsa okha shuga m'zakumwa zawo kuti msonkho uwapepukire.

M'mayiko onsewa palibe pamene bisiketi kapena chakumwa chinaletsedwa kugulitsidwa kwa munthu wamkulu. Wofuna bisiketi ku London amapita pashelefu yake, n'kutenga, n'kulipira. Chimene chinachotsedwa ndi msampha woikidwa panjira yake.

Komabe otsutsa ali ndi mfundo zimene mlangizi woona mtima sangazinyoze. Banja losauka limadalira basela ndi mitengo yotsitsidwa, ndipo ngakhale boma la ku Britain linachedwetsa kangapo lamulo lija la kugula chimodzi n'kupatsidwa china, ponena kuti zinthu zinali zitakwera mtengo kwambiri. Msonkho nawonso umapweteka wa m'thumba mochepa kuposa wolemera. Kuno kwathu palinso mfundo ina yolemera kuposa izi: mayi amene amadzuka m'bandakucha kukazinga mandasi kuti apeze ndalama ya sopo ndi ya mayeso a ana si kampani yaikulu, ndipo lamulo lililonse limene lingamuchotse pageti la sukulu popanda kumupatsa pogwira lidzabweretsa njala m'nyumba mwake. Komanso munthu wamkulu amene wamwa chakumwa choziziritsa kukhosi paukwati, pachinkhoswe kapena pa Khirisimasi sanalakwire aliyense, ndipo ine sindingapite kukamulanda botolo.

Pamene ndimasiyana ndi otsutsawo ndi pa mwana. Mwana wa sitandade 2 amene wapatsidwa ndalama yoti adye pa buleki sakhala pansi kuyerekeza ubwino wa nthochi ndi wa tizakudya ta m'mapaketi. Amatsata mtundu wowala wa paketi, kachithunzi koseketsa, nyimbo imene anamva pa wailesi ndiponso chimene anzake agula. Mukamuyang'ana pobwerera m'kalasi, zala ndi lilime zimakhala zitafiira ndi utoto, m'mimba mulibe chokhalitsa, ndipo akafika kunyumba amakana nsima ya mkhwani wotendera chifukwa pakamwa pazolowera mchere ndi shuga woonjeza. Kunena kuti mwana ameneyu wagwiritsa ntchito ufulu wake wosankha ndi kumunamizira, chifukwa amene anasankha ndi akuluakulu ophunzira amene analipidwa kuti adziwe chimene chimakopa maso a mwana. N'chifukwa chake bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2023 linalangiza maboma kuti aike malamulo okakamiza oteteza ana ku kutsatsa kwa zakudya zoterezi, osangodalira lonjezo la makampani.

Ena amati vuto la Malawi ndi njala, kotero nkhani ya shuga ndi ya mayiko olemera. Zoona zake n'zakuti mavuto onse awiri tili nawo, nthawi zina m'nyumba imodzi. Kafukufuku wa za umoyo wa m'dziko muno wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, pamene amayi pafupifupi 21 mwa 100 alionse anali olemera kupitirira muyeso woyenera. Kafukufuku wina wa mu 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ambiri osadziwa. Ndalama imene yagula paketi ya zokometsera pakamwa ndi yomweyo imene ikanagula dzira kapena kamulu ka usipa, choncho chakudya chosamanga thupi chimawonjezera kupinimbira kwa mwana lero, n'kumukonzera matenda a shuga ndi kufa ziwalo akadzakula.

Sikutinso malire otere ndi achilendo m'dziko muno. Potsatira mgwirizano wa mayiko wa mu 1981, Malawi ali ndi malamulo oletsa kutsatsa mkaka wa m'zitini wa makanda, ndi cholinga choteteza kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi isanu ndi umodzi, koma mayi amene akufunikiradi mkakawo amaupeza m'sitolo. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti titaona mmene unkawonongera achinyamata. Limalamulanso kuti mchere ukhale ndi ayodini ndiponso kuti shuga athiridwe vitamini A. Pano ndichenjeze, chifukwa ndimamva kawirikawiri m'midzi: vitamini A wa mu shuga si chifukwa chowonjezera masupuni mu tiyi, popeza vitamini yemweyo mumamupeza mu mbatata yofiira mkati, maungu, mango, papaya ndi masamba obiriwira.

Tsopano ndifike pa zoyenera kuchita. Choyamba ndi kudziwa muyeso, chifukwa munthu sangasankhe bwino chinthu chimene sakuchiona. A WHO amalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 a shuga wothira pa tsiku, amene ndi masupuni a tiyi okwana 12, ndipo mchere usafike magalamu 5, kutanthauza kasupuni kamodzi kosadzaza, kuphatikizapo wa mu ndiwo, mu buledi ndi wa patchipisi. Zakumwa zambiri zoziziritsa kukhosi zimakhala ndi magalamu pafupifupi 10 a shuga pa mamililita 100, kotero botolo limodzi la theka la lita limamaliza muyeso wa tsiku lonse. Atsogoleri a ma care group, magulu a m'midzi ophunzitsana za kadyedwe ndi kasamalidwe ka ana, ndikupempheni kuti zimenezi muziwonetsa osangozinena. Tengani tambula yoonekera mkati, thiranimo masupuni 12 a shuga mukuwerenga mokweza pamodzi ndi amayi, muiike pafupi ndi botolo, ndipo muwafunse ngati angamupatse mwana shuga ameneyo kuti abwire. Kwa mwana wosakwana zaka ziwiri, zakumwa za shuga asapatsidwe n'komwe. Phala lake likhale la mgaiwa wosakaniza ndi soya kapena nsinjiro, lothiramo masamba osinja, dzira kapena ufa wa matemba.

Phunziraninso kutembenuza paketi. Kutsogolo kumalembedwa zokopa, monga zithunzi za malalanje, pamene zoona zimakhala kumbuyo m'malemba aang'ono. Zimene zili m'chakudyacho zimandandalikidwa kuyambira chochuluka kwambiri, choncho mukaona mawu akuti sugar kapena glucose syrup ali koyambirira, dziwani kuti mukugula shuga. Yang'ananinso chizindikiro cha bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi tsiku limene chakudyacho chithere mphamvu, chifukwa katundu wotsitsidwa mtengo modabwitsa nthawi zina amakhala atatsala pang'ono kuwonongeka. Ngati malembawo akukuvutani, mwana wa sitandade 7 akuwerengereni, ndipo iyenso aphunzira.

Pa malonda okopa, langizo langa ndi lakuti chiganizo chipangidwire kunyumba. Musananyamuke kupita kumsika wa Chimbiya, wa Lizulu kapena pa boma, gwirizanani pabanja zimene mukagule ndi ndalama zake, poyang'ana magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za nyemba, zochokera ku nyama, ndiwo zamasamba, zipatso ndi mafuta. Mukapeza malonda akuti gulani ziwiri mupatsidwe chachitatu, kapena akuti tsegulani chitsekerero mupate mphoto, dzifunseni ngati chinthucho munali nacho m'maganizo pochoka kunyumba. Ngati munalibe, ndiye kuti simunapindule kanthu, mwangowononga ndalama imene simunakonzekere. Mwana wopita kusukulu ndi bwino kumupatsa chakudya m'malo mwa ndalama: mbatata yophika, chinangwa, mtedza wokazinga, chimanga chootcha, chigumu kapena nthochi, pamodzi ndi botolo la madzi abwino. Sitisowa zipatso m'boma lino, pakuti pa nyengo yake kumapiri kumapsa mapichesi ndi masuku, pamene kumunsi ku Mtakataka ndi ku Golomoti kumakhala mango ndi malambe.

Ntchito yaikulu ili ndi makomiti a sukulu, mamother group ndi mafumu, ndipo pano ndikhalitsepo chifukwa ndi pamene zinthu zimalakwika. Komiti ikaona vutoli, nthawi zambiri imathamangira kulengeza kuti ogulitsa onse achoke pasukulu. Zotsatira zake, ogulitsawo amangosunthira kuseri kwa mpanda, ana amawatsatira komweko, ndipo pakati pa sukulu ndi mudzi pamabuka chidani. Njira yabwino ndi kuwaitana amayi ndi abambo ogulitsawo pamsonkhano, mfumu ndi mlangizi wa zaumoyo alipo, n'kuwafotokozera mwaulemu kuti ana amene akugula ndi awo omwe. Mugwirizane kuti pabwalo la sukulu pazigulitsidwa zakudya za kumunda ndi zophikidwa pakhomo mwaukhondo, zovundikira bwino, kuti thobwa lisachuluke shuga, ndiponso kuti mafuta okazingira asabwerezedwe mpaka kuda. Zakumwa zothira utoto za m'timapepala ta pulasitiki, zimene madzi ake sadziwika kumene atungidwa, zichotsedwe. Apatseni nthawi, mwina mpaka kutsekera kwa teremu, kuti amalize katundu amene anagula kale, chifukwa mpamba wawo uli mmenemo. Mgwirizanowo ulembedwe m'Chichewa, usainidwe, upachikidwe pa ofesi ya mphunzitsi wamkulu, ndipo makolo alonjeze kugula kwa ogulitsa amene atsatira.

Komiti iganizirenso bwino kampani ikabwera ndi thandizo la mipira kapena mayunifolomu a masewera koma ikufuna kupachika zikwangwani za chakumwa chake pasukulu ndi kugawira ana kuti alawe. Thandizo likhoza kulandiridwa ndi manja awiri, koma komiti ili ndi mphamvu yonena kuti zikwangwani ndi kulawitsa zisalowe m'kati mwa mpanda, ndipo ngati pali chokayikitsa ifunse kaye kwa mlangizi wa maphunziro wa m'deralo.

Kwa ife akuluakulu, ufulu umene timauteteza tiugwiritse ntchito tikudziwa mmene thupi lathu lilili. Mbatata ya kachewere imene Dedza ndi Ntcheu amanyadira ndi chakudya chabwino; chimene chimaiononga ndi kuimiza m'mafuta a pachiwaya tsiku lililonse n'kuithira mchere wodzaza dzanja. Iphikeni ndi tomato ndi anyezi, kapena muisakanize ndi nyemba, ndipo tchipisi chikhale cha apo ndi apo. Kunenepa kwa mimba tisakutenge ngati umboni wakuti zinthu zikuyenda. Kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikumveka kupweteka mpaka tsiku limene munthu wagwa, choncho aliyense wamkulu, makamaka amene kubanja kwawo kuli matenda a shuga kapena a kufa ziwalo, atenge buku lake la kuchipatala akayezetse BP kuchipatala chimene ali nacho pafupi, ndipo afunsenso za kuyezetsa shuga. Amene mukufuna kuti dziko lino likhale ndi lamulo loteteza ana ku kutsatsa kotereku, kambiranani nkhaniyi pa komiti ya chitukuko ya m'mudzi kuti ipite ku komiti ya dera, ndipo khansala ndi phungu wanu akabwera pamsonkhano muwauze kuti lamulolo liyambe ndi makampani akuluakulu, zolemba za pamapaketi ndi mabwalo a sukulu, ndiponso kuti ogulitsa aang'ono afunsidwe maganizo awo lisanalembedwe.