Kusamuka ku banki yaikulu kupita ku yaing'ono kapena ku SACCO muno mu Mzuzu

Anthu ambiri akafuna kusamuka banki amayambira kumapeto. Akatopa ndi kudulidwa ndalama, kapena ndi mzere wa pa ATM mwezi ukatha, amatapa zonse, khadi n'kuisiya m'dilowa, n'kumati atseka akaunti. Akauntiyo imakhala ikadali yamoyo. Imadulidwabe mwezi ndi mwezi mpaka kulowa m'ngongole, ndipo malipiro otsatira amagwera momwemo chifukwa kuntchito palibe amene wauzidwa. Dongosolo loyenera ndi lakuti muyambe mwathana ndi ngongole, mutsegule akaunti yatsopano, musamutse malipiro, ndipo yakaleyo muitseke pomalizira penipeni. Ntchito yonseyi ipatseni miyezi iwiri kapena itatu.

Musanapite kulikonse, pemphani sitetimenti ya miyezi isanu ndi umodzi ku banki yomwe muli. Tengani cholembera, muchonge paliponse pomwe banki yadula: ndalama yosungira akaunti, yotapira pa ATM, ya mauthenga a pafoni, yotumizira ku Airtel Money kapena TNM Mpamba, ya khadi. Phatikizani zonse mugawe ndi 6. Chiwerengero chimenecho ndicho mukayerekeze ndi mndandanda wa mitengo wa kumene mukufuna kupitako, womwe banki iliyonse ili nawo ndipo muli ndi ufulu wouona. Kawirikawiri zimapezeka kuti ndalama zambiri zikuthera pa kutapa pang'onopang'ono pa ATM ya banki ina, kapena kuti munthu ali ndi akaunti ya mtundu wodula pomwe banki yomweyo ili ndi ina yotsika mtengo. Zikakhala choncho, kusintha mtundu wa akaunti n'kokwanira. Sitetimenti imeneyi musaitaye, muifunanso kutsogoloku.

Banki yaing'ono ndi bankibe

Banki iliyonse m'Malawi, yaikulu ngati National Bank ndi Standard Bank kapena yocheperako, imapatsidwa chiphaso ndi kuyang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Chiyambire 2015 mabanki analumikizidwa kudzera mu National Switch, motero khadi ya banki imodzi imatapa pa ATM ya inzake, ngakhale mtengo umakwererapo. Palinso Deposit Insurance Corporation, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2022 kuti lizibwezera osunga ndalama banki ikagwa. Linayamba ndi malire a K3 miliyoni pa munthu mmodzi pa banki imodzi, choncho amene ali ndi ndalama zoposa apo asaunjike zonse malo amodzi.

Chomwe chimasiyanitsa kwenikweni ndi nthambi. Mu tawuni muno vuto palibe, mabanki ali moyandikana. Koma ngati ntchito kapena geni imakupititsani ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Usisya kapena Likoma, funsani dzina la malo enieni omwe kuli nthambi, ATM kapena ejenti wawo. Ndiponso ejenti wa kumudzi sakhala ndi ndalama zokwanira nthawi zonse. Dziwaninso kuti mabanki aang'ono amasintha eni: Malawi Savings Bank inagulidwa ndi FDH mu 2015, Indebank inalowa mu National Bank, ndipo MyBucks lero ndi Centenary Bank. Ndalama za makasitomala zimasamuka nawo, koma mitengo ndi nthambi zimatha kusintha.

SACCO ndi nkhani ina

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Ku banki ndinu kasitomala. Ku SACCO, bungwe lomwe anthu amasonkhamo ndalama n'kumabwereketsana, ndinu membala, kutanthauza mmodzi wa eni ake, ndipo pa msonkhano waukulu wa pachaka muli ndi voti imodzi, kaya masheya anu ndi ambiri kaya ndi ochepa. Ma SACCO amayendera lamulo la Financial Cooperatives Act la 2011, chiphaso amapatsidwa ndi Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi Gavanala wa Reserve Bank, ndipo ambiri ali pansi pa MUSCCO, mgwirizano wa ma SACCO womwe unayamba mu 1980. Mukalowa mu ofesi yawo, pemphani kuona chiphasocho. Gulu lomwe lilibe chiphaso lingadzitche SACCO, koma pamaso pa lamulo silisiyana ndi banki mkhonde, ndipo zikavuta mulibe kokadandaula.

Si SACCO iliyonse ingakulandireni. Ina inakhazikitsidwira anthu a ntchito imodzi, monga United Civil Servants SACCO ya ogwira ntchito m'boma kapena Malawi Police SACCO, pomwe ina imalandira aliyense. Funsani zimenezi poyamba kuti musataye nthawi.

Ndalama zomwe mumaika ku SACCO zili mitundu iwiri, ndipo kusazisiyanitsa ndiko kumabweretsa madandaulo ambiri. Pali masheya, pali ndalama zosunga. Zosungazo mumatapa monga ku banki. Masheya satapidwa mwachisawawa: ndiwo chuma choyendetsera bungwe komanso chikole cha ngongole yanu. Ena sabwezedwa n'komwe koma kugulitsidwa kwa membala mnzanu, ena amabwezedwa pokhapokha mukutuluka, mutapereka chidziwitso cha nthawi yomwe malamulo a SACCO-yo akunena. Amene waika ndalama ya fizi ya teremu yamawa ku masheya adzaona mbonaona tsiku lotsegulira sukulu. Pa fomu iliyonse yoikira ndalama, onetsetsani kuti mwalemba mbali yomwe ikupita.

Phindu la pa masheya silolonjezedwa. Limagawidwa chaka chikatha, mabuku atawunikidwa, msonkhano waukulu utavomereza, ndipo chaka choipa likhoza kuchepa kapena kusakhalapo. Pemphani lipoti la zachuma la zaka ziwiri zapitazi. Yang'anani ngati linawunikidwa ndi akatswiri akunja, ngati msonkhano wa pachaka unachitika, komanso kuchuluka kwa ngongole zomwe mamembala sakubweza. Funsaninso, ndipo akuyankheni molemba, chomwe chimateteza ndalama zanu SACCO-yo itagwa. Musangoganiza kuti chitetezo cha ku banki chija chikukutsatirani. SACCO yomwe ikuzengereza kuonetsa membala mabuku ake isiyeni.

Ambiri chimawakoka ndi ngongole. Kukula kwake kumatengera masheya anu, kawirikawiri kuwirikiza kawiri kapena katatu, ndipo membala watsopano amadikira miyezi ingapo akusonkha asanaloledwe kubwereka. Poyerekeza chiwongoladzanja musamve peresenti yokha, funsani mawerengedwe ake. Tiyerekeze ngongole ya K1,000,000 ya miyezi 12 pa 3 peresenti pamwezi. Akamawerengera pa ndalama yonse yomwe munatenga, chiwongoladzanja ndi K30,000 mwezi uliwonse, pamodzi K360,000. Akamawerengera pa ndalama yotsala, inu mukubweza gawo lofanana mwezi ndi mwezi, chimakwana K195,000. Peresenti ndi yomweyo, kusiyana K165,000. Onjezanipo ndalama yokonzera ngongole ndi ya inshuwalansi, zomwe nthawi zambiri amadula musanalandire. Njira yachidule n'kufunsa kuti, "Ndilandira zingati m'manja, ndipo ndikamamaliza ndidzakhala nditabweza zingati?"

Pa za umboni chenjerani. Mukasainira mnzanu ngongole, masheya anu amamangidwa mpaka iye atamaliza. Akathawa, amadula anu, ndipo simungatuluke mu SACCO ngongole yakeyo isanathe.

Zilipo zomwe SACCO singakuchitireni. Ndalama zakunja zimagulidwa ku mabanki ndi malo ovomerezeka osinthira ndalama, choncho wa geni yokatenga katundu ku Kyela kapena Dar es Salaam, kapena wolipira fizi kunja, banki aifunabe. Ndipo SACCO nayo imasunga ndalama zake ku banki, motero malipiro odzera kumeneko akhoza kufika mochedwerapo tsiku limodzi kapena awiri. N'chifukwa chake kwa anthu ambiri nzeru yabwino si kuchokeratu, koma kukhala ndi akaunti yotsika mtengo ku banki yolandirira ndi kulipirira, kusunga ndi kubwereka n'kumachitira ku SACCO.

Ngongole ya ku banki yakale

Ngati munatenga ngongole yodulidwa pa malipiro, abwana anu analonjeza banki molemba kuti malipiro anu azidzera kumeneko mpaka ngongole ithe. N'chifukwa chake a HR (ofesi yoona za antchito), m'boma ngakhale m'makampani ambiri, sasintha akaunti popanda kalata ya clearance yochokera ku banki yakale, yotsimikiza kuti mulibe ngongole kumeneko. Pitani mukapemphe chiwerengero cha ndalama yothetsera ngongole, cholembedwa, chokhala ndi tsiku lomwe chithere mphamvu, pakuti chiwongoladzanja chimakwera tsiku ndi tsiku. Funsani ngati pali chilango chobweza msanga. Osaiwala tingongole ta pafoni, salary advance (kulandiriratu gawo la malipiro) ndi overdraft (kutapa kuposa ndalama zomwe zili mu akaunti). Kakang'ono kotsala kamodzi kamaimitsa kalata yonse.

Banki yatsopano kapena SACCO ikhoza kugula ngongoleyo, kutanthauza kuti iwo amalipira banki yakale mwachindunji inu n'kuyamba kubweza kwa iwo. Zimapindula pokhapokha ndalama yonse yomwe mudzabweze ikuchepa. Akatsitsa ya pamwezi koma n'kutalikitsa zaka, mwaluza. Pamwezi wosinthirawo yang'anitsitsani payslip, chifukwa zimachitika kuti mbali zonse ziwiri zadula. Zikatero pitani ndi payslip ndi kalata ya clearance mukaitanitse yanu msanga.

Kusamutsa malipiro mozembera ngongole musayese. Dzina lanu limapita ku Credit Data CRB kapena TransUnion, mabungwe osunga mbiri ya ngongole za anthu, ndipo kumene mwathawirako amayang'ana komweko musanabwereke.

Kutsegula ndi kusamutsa

Tengani chiphaso cha unzika cha NRB, umboni wa komwe mukukhala monga bilu ya Northern Region Water Board kapena kalata ya mfumu ya dera lanu, kalata ya kuntchito kapena payslip, ndi ndalama yotsegulira. Ena amafunanso zithunzi ndi kamapu kojambula pamanja kosonyeza njira ya kunyumba. Wa ku Mchengautuwa, Zolozolo kapena Masasa, komwe nyumba zambiri zilibe nambala yooneka, alembe chizindikiro chodziwika monga sukulu, tchalitchi kapena chigayo. Wa bizinesi awonjezere satifiketi ya bizinesi ndi TPIN, nambala ya msonkho ya ku MRA. Dzina likhale limodzimodzi pa chiphaso, pa payroll ndi pa akaunti. Mhango pena, Muhango pena, kapena dzina la kwa amuna pa akaunti pomwe pa payroll pali la kwa makolo, n'zokwanira kuti malipiro abwerere. Nambala ya foni ikhale yolembetsedwa m'dzina lanu.

Akaunti ikatseguka iyeseni kaye ndi kandalama kochepa. Ikani, tapani pa ATM, tumizani ku foni, bwezaninso, gulani mayunitsi a ESCOM. Chomwe chikukanika chionekere pa K5,000, osati pa malipiro a mwezi wathunthu.

Kenako pitani kwa a HR ndi kalata yanu yopempha kusintha, kalata ya banki yatsopano yotsimikiza nambala ya akaunti ndi nthambi, komanso clearance ija. Perekani kumayambiriro kwa mwezi, popeza payroll imatsekedwa masiku ambiri lisanafike tsiku lolandira, ndipo m'boma pepala limadutsa maofesi angapo. Sungani kope yodindidwa. Ngati ndi SACCO yodula pa payroll, mwezi uliwonse yerekezani payslip ndi sitetimenti ya ku SACCO. Abwana akhoza kudula koma n'kuchedwa kutumiza, ndipo m'mabuku a SACCO amaoneka wolephera kubweza ndinu.

Tsopano bwererani ku sitetimenti ija, mulembe aliyense amene amaika kapena kutenga ndalama mu akaunti yakale. Otenga ndi monga inshuwalansi ya moyo kapena ya maliro, standing order ya lendi (lamulo lomwe munapatsa banki kuti izilipira yokha mwezi ndi mwezi), DStv. Ya maliro ndiyo yoopsa, chifukwa ikalephera kudulidwa miyezi ingapo polise imafa mwakachetechete, anthu n'kudzazindikira tsiku la zovuta. Oika ndi monga alendi anu, makasitomala, penshoni, abale a ku Joni. Mlimi wa fodya wogulitsa ku okushoni ya Mzuzu asinthe akaunti nthawi yolembetsa, msika usanatsegulidwe, ndipo ngati ali ndi ngongole ya zipangizo yodulidwa pa stop order ayambe wathana nayo. Wophunzira wa ku Mzuni wolandira ndalama ya Loans Board, bungwe lobwereketsa ophunzira, asasinthe pakati pa semesita asanadziwitse ofesi yoona za ophunzira.

Ndalama zambiri musanyamule m'chikwama kuchoka banki ina kupita ina, ngakhale zili moyang'anana. Tumizani kudzera ku banki. Ngati zaposa malire a patsiku a pafoni, lembani fomu pa kauntala. Fixed deposit, ndalama yomwe munaitsekera ku banki kwa nthawi yoikika, idikireni ikhwime, mukaithyola msanga chiwongoladzanja chimadulidwa, ndipo auzeni molemba kuti isadzayambirenso yokha.

Kutseka

Malipiro akalowa kawiri motsatizana ku akaunti yatsopano, ndipo mwezi wathunthu wadutsa popanda cholowa kapena chotuluka ku yakale, ndiye nthawi yotseka. Mpaka pamenepo musiyemo ndalama yokwanira zodulidwa za miyezi iwiri. Ngati munalembapo macheke, tsimikizani kuti onse atapidwa.

Tengani kaye masitetimenti a chaka chathunthu, chifukwa akaunti ikatsekedwa kuwapeza kumavuta ndiponso kumadula, pomwe ofunsira visa kapena ngongole yaikulu amafunsidwa mbiri ya miyezi ingapo yomwe akaunti yatsopano ilibe. Lembani kalata yopempha kutseka, yokhala ndi nambala ya akaunti ndi komwe ndalama yotsala ipite. Bwezani khadi ndi buku la macheke, lipirani ndalama yotsekera ngati ilipo, ndipo musachoke popanda kope yodindidwa. Akaunti ya anthu awiri imafuna onse asaine monga anagwirizanirana potsegula. Pakatha mwezi funsaninso ngati yatsekedwadi, mupemphe kalata yotsimikiza.

Akakuzengerezani, kapena mukaona kuti akudulabe, lembani dandaulo kwa manijala wa nthambi ndipo musunge kope. Likapanda kuyankhidwa, pitani nalo kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, yomwe ili ndi nthambi muno mu Mzuzu, mutanyamula kalata yotsekera, masitetimenti ndi kope ya dandaulo loyamba lija. Madandaulo okhudza SACCO ya chiphaso amapitanso komweko.